Mlendo Wodzathandiza ndi Nyumba Imene Imlandira

Nkhani imene idakambidwa pamaso pa nthumwi za Sinodi



Pa nthaŵi ya chikumbutso monga ino mitima imathamangira kwa amishoni akale, amene adafika pa ngalaŵa ndi pa machila, nakhala zaka makumi angapo, ena naikidwa m'manda a pamishoni. Nkoyenera ndithu kuŵakumbukira. Koma masiku ano kuli mlendo wa mtundu wina amene afika kaŵirikaŵiri kuposa mmishoni, ndipo mpingo sunakhale pansi kuti umlingalire bwino. Mlendo ameneyu ndi wophunzira wa ku koleji kapena wa ku sekondale, mnyamata kapena mtsikana wa zaka 18 kapena 20, wochokera ku Scotland, ku America, ku Netherlands kapena ku South Africa. Afika ndi anzake khumi kapena kuposerapo, akhala milungu iŵiri kapena itatu, athandiza kumanga chipinda cha sukulu kapena kupaka utoto tchalitchi, ndipo usiku agona m'nyumba za Akhristu a kumudzi, aŵiriaŵiri. Kalata yopempha ulendo wotere ikafika ku ofesi ya Sinodi kapena kwa mbusa wa pamalo, yankho lituluka msanga, pakuti kukana mlendo ndi chinthu chochititsa manyazi. Komatu amene avomera ndi mbusa, pamene amene atunga madzi osamba a mlendoyo ndi mai wina wa kumudzi amene kalatayo sadaione. Nkhani ino ifuna kuti Sinodi iyang'ane ulendo umenewu ili chiimire pakhomo pa mai ameneyo.

Mwambo umenewu uli ndi mbiri yake, ndipo udayamba ndi anthu a mtima wabwino. Itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, m'chaka cha 1920, Pierre Cérésole wa ku Switzerland adasonkhanitsa anthu odzipereka a mitundu yosiyana, Ajeremani ali pomwepo, kuti akamange nyumba m'mudzi wa Esnes pafupi ndi Verdun ku France, kumene nkhondo idaphwasula zonse. Ganizo lake lidali lakuti anthu amene adathirana nkhondo, akagwira ntchito imodzi ndi kudya mphika umodzi, adzaleka kudana. Mu 1932 Donald Watt wa ku America adayambitsa bungwe la Experiment in International Living, ndipo posachedwa adaona kuti achinyamata akagonekedwa pamsasa umodzi amangocheza ndi a chinenero chao okhaokha. Chifukwa chake adayamba kuŵagaŵa m'mabanja, kuti adye chimene banjalo lidya ndi kumva chinenero chake kuyambira m'maŵa kufikira usiku. Mmodzi wa anyamata amene adayenda ulendo wotere adali Sargent Shriver, amene pambuyo pake adakhala mkulu woyamba wa Peace Corps.

Amene adaloza maulendo otere ku Afrika adali mbusa wa Chipresbiterio, ndipo nkoyenera kuti abusa amdziŵe. James H. Robinson adabadwa mu 1907 ku Knoxville, m'dera la Tennessee, m'banja losauka la anthu akuda. Adaphunzira ku Lincoln University, sukulu yomwe adaphunzirako Nnamdi Azikiwe ndi Kwame Nkrumah, kenaka ku Union Theological Seminary ku New York, ndipo adaŵeta mpingo wa Church of the Master ku Harlem. Atayendera maiko a mu Afrika mu 1954, adabwerera ali wovutika mumtima poona kuti anthu a kwao, oyera ndi akuda omwe, adali osadziŵa kanthu za Afrika. Mu 1958 adatumiza gulu loyamba la Operation Crossroads Africa ku maiko a kumadzulo kwa Afrika. Ophunzira akuda ndi oyera ankayenda pamodzi, pa nthaŵi imene kumwera kwa dziko lao lamulo linkaŵaletsa kudyera m'nyumba yodyera imodzi, ndipo ankagwira ntchito ya manja kwa milungu ingapo limodzi ndi achinyamata a dziko limene apitako. Pobwerera kwao ankayembekezeka kuyendera mipingo ndi masukulu kukafotokoza zimene adaona. Munthu akayang'ana dongosolo limeneli aona kuti Robinson sadadzinamize kuti mwana wa ku koleji angapose mmisiri wa ku Ghana pa kuyala njerwa. Chimene mbusayo ankafuna kumanga ndi maganizo a wophunzirayo ndi a mpingo umene udamtuma; khomalo lidali chifukwa chokumanirana.

Chaka chomwecho cha 1958, ku Britain, Alec Dickson ndi mkazi wake Mora adayambitsa bungwe la VSO, limene poyamba linkatumiza anyamata ongotsiriza sukulu. Mu 1961 Pulezidenti John F. Kennedy adakhazikitsa Peace Corps, ndipo iye mwini adavomereza kuti Crossroads ndiyo idalambula njira. A Peace Corps oyamba adafika ku Nyasaland mu 1963. Amenewo ankakhala chaka kapena zaka ziŵiri. Maulendo a milungu iŵiri adachuluka pambuyo pake, kuyenda pa ndege kutapepuka, ndiponso mipingo ndi masukulu zitayamba kupalana ubale mwachindunji, monga ubale wa Sinodi ya Blantyre ndi Presbiterio ya Pittsburgh umene udayamba mu 1991, ndi pangano la Scotland ndi Malaŵi limene Jack McConnell ndi Pulezidenti Bingu wa Mutharika adasaina mu 2005.

Tsono nkofunika kuchoka ku ofesi ndi kuloŵa m'nyumba imene isankhidwa. Kaŵirikaŵiri imakhala nyumba ya malata, ya mkulu wa mpingo kapena ya mai wa Chigwirizano kapena wa Mvano, pakuti bwalo la akulu lichita manyazi kugoneka mlendo wa kutsidya kwa nyanja m'nyumba ya udzu. Uthenga ukafika, banjalo liyamba ntchito kudakali mlungu wathunthu. Mai azira pansi ndi pakhonde, bambo amanganso bafa ndi udzu watsopano nakonza chimbudzi, matilesi abwerekedwa kwa aphunzitsi, ndipo ana achotsedwa kuchipinda kwao kuti akagone kwa agogo ao. Mgaiwa, umene banjalo lidya masiku onse, uikidwa pambali. Chimanga chikonoledwa ndi kuviikidwa kuti mlendo adye nsima ya ufa woyera. Nkhuku imene idasungidwira Khirisimasi, kapena kuti idzagulitsidwe mwana akadwala, iphedwa tsiku loyamba, ina tsiku lachitatu. Shuga, mafuta ophikira, sopo ndi mpunga zitengedwa pa ngongole kugolosale. Mtsikana wa m'nyumbamo, amene kale ankapita kumjigo kaŵiri pa tsiku, tsopano apita kanayi, natenthetsa madzi m'maŵa ndi madzulo, pakuti ndi nyengo ya chisanu ndipo mlendo sasamba madzi ozizira. Nkhuni za mwezi wonse zitha pa milungu iŵiri.

Mlendoyo zonsezi sazidziŵa, ndipo sikulakwa kwake, popeza palibe amene amuuza. Iye aona mai wamsinkhu wa amai ake akumgwadira ndi beseni la madzi osamba m'manja, namva chisoni ndi manyazi. Aona kuti akudya pa tebulo ndi bambo okha pamene mai ndi ana adyera kukhitchini, nayesa kuti ndi tsankho, osadziŵa kuti ndi ulemu umene wapatsidwa. Nthaŵi zina zichitika kuti ndi mmodzi wa aja sadya nyama, ndipo akana nkhuku ija mwaulemu, osazindikira kuti wakana chuma chenicheni cha nyumbayo. Akafunsa ngati akuvutitsa, ayankhidwa kuti muli kwanu, khalani omasuka. Yankho limeneli si bodza. Ndi m'mene munthu woleredwa bwino ayankhira. Ndalama zimene wophunzirayo adalipira kwao zidathera pa tikiti ya ndege, pa galimoto, pa simenti, ndi pa tsiku lomaliza lokaona nyama ku Liwonde kapena ku South Luangwa. Chimene chifika m'manja mwa mwini nyumba chimakhala chochepa, kapena chifika mochedwa, kapenanso mwini nyumbayo achikana, pakuti ndani angafune kutchuka m'mudzi kuti adagulitsa nsima kwa mlendo wa mpingo?

Pali chinthu chinanso chimene ambiri sachilingalira, ndicho nyengo. Masukulu a ku Ulaya ndi ku America atsekera m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, ndipo ndi pamene magulu ameneŵa ayenda. Kuno imeneyo ndi nthaŵi yoti anthu angokolola kumene: m'nkhokwe muli chimanga, mbatata ndi mtedza zilipo, miseu njouma, udzudzu wachepa, maukwati ndi zinamwali zachuluka. Mlendo aona mudzi utavala za pa Sabata. Abwerera kwao nakanena kuti anthu aja ndi osauka koma ngokondwa, ndipo chakudya ali nacho chambiri. Sadzaona Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe yagwa, bambo ali paganyu m'munda mwa wina, ndipo chimanga chija chidaphikidwa moolowa manja mu Julayi ndicho chikusoŵa m'lichero. Akale adati mlendo ndi mame, ndipo adanena zoona. Koma adanenera mlendo mmodzi wodutsa panjira, osati alendo obwera chaka ndi chaka kunyumba yomweyo.

Munthu asamve ngati m'maulendo ameneŵa mulibe chokoma. Chilipo, ndipo eni nyumba ndiwo oyamba kuchichitira umboni. Mai amene adaphunzitsa mtsikana wa ku Glasgow kusinja ndi kupeta, mudzi wonse ukuseka, sadzaiŵala tsikulo, pakuti pa tsiku limenelo iye ndiye adali mphunzitsi ndipo wa ku yunivesite ndiye adali mbuli. Ana a sukulu aona kuti mzungu nayenso atuluka matuza m'manja, adwala m'mimba, alira akakumbuka kwao. Wophunzirayo naye, akagona usiku umodzi pafupi ndi mwana wotentha thupi ndi malungo, chipatala chili mtunda wa maola atatu pa njinga, aphunzira chimene buku silikadamphunzitsa, ndipo ena mwa otere moyo wao wonse utsata njira ina. Mlendo amadzadi ndi kalumo kakuthwa: funso lake lachibwana, lakuti chifukwa ninji mtsikana uyu sanapite kusukulu lero, nthaŵi zina licheka pamene akulu a mpingo adazoloŵera kulambalala. Koma chokomacho chili ndi mthunzi wake. Nyumba imene idalandira mlendo iyamba kulandira ndalama za fizi ndi foni yatsopano, pamene nyumba ya wamasiye woyandikana nayo, imene sidasankhidwe chifukwa cha denga la udzu, silandira kanthu. Chaka chotsatira kusankha nyumba zogona alendo kusanduka mlandu m'bwalo la akulu, ndipo mbusa aliyense amene adaŵeruzapo mlandu wotere adziŵa kuti suthera pa tsiku limodzi.

Palinso nkhani ya chimene mlendo akanena kwao. Mu Okutobala 1961 mtsikana wina wa gulu loyamba la Peace Corps ku Nigeria adalembera bwenzi lake ku America positikhadi, kufotokoza umphaŵi ndi uve umene adauona ku Ibadan. Khadiyo sidafike kumene inkapita; idatoledwa, mau ake adachulukitsidwa nafalitsidwa pakati pa ophunzira a ku University College, kudabuka mkwiyo waukulu, ndipo mtsikanayo adachoka m'dzikomo. Iye adalemba zimene maso ake adaona, koma eni dziko adamva ngati mlendo amene adamlandira wakaulula za kuchipinda. Masiku amenewo padafunika ngozi kuti khadi igwe m'manja mwa eni ake. Lero wophunzira aliyense ali ndi foni, ndipo chithunzi cha mwana wovala nsanza, kapena cha chimbudzi chimene bambo uja adakonza ndi thukuta, chifika pa Facebook dzuŵa lisanaloŵe, popanda wopempha chilolezo kwa makolo a mwanayo. Mdzukulu wa nyumbayo amene ali ku Johannesburg achiona usiku womwewo.

Amene adadzudzula maulendo otere mwaukali kuposa onse adali wansembe wa Chikatolika, Ivan Illich, wobadwira ku Vienna mu 1926, amene ankakhala ku Cuernavaca ku Mexico. Mu 1968 bungwe la CIASP, limene linkatumiza ophunzira a ku North America kukagwira ntchito m'midzi ya ku Mexico pa tchuthi, lidamuitana kuti alankhule kwa ophunzirawo. Iye adaŵauza maso ndi maso kuti aleke. Mfundo zake zidali zakuti sadziŵa chinenero mokwanira kuti amve chimene wosauka akunena. Kuti chimene akasiya m'mudzi, ngakhale asafune, ndi chilakolako cha moyo wa ku America. Ndi kuti ngati afunadi kutumikira, ayambe ndi osauka a kwao, amene angathe kuŵadzudzula m'chinenero chimene iwo achimva. Adaŵalola kubwera kudzaona dziko ndi kudzaphunzira, koma osati kudzathandiza. Patapita zaka zitatu, mu 1971, Mbusa John Gatu, Mlembi Wamkulu wa Presbyterian Church of East Africa, adapempha ali ku America kuti amishoni ayambe aleka kubwera ku Afrika kwa zaka zosachepera zisanu, kuti mpingo wa kuno udzipeze wokha. Ndipo msonkhano wa All Africa Conference of Churches ku Lusaka mu 1974 udaikambirana nkhaniyo ndi mtima wonse.

Mau a anthu aŵiriŵa ngolemera, ndipo Sinodi isaŵanyoze. Illich adalasa pa chinenero, pakuti wophunzira wa milungu iŵiri amacheza ndi mphunzitsi, ndi mbusa, ndi mnyamata wa Fomu 4 amene amtanthauzira, koma ndi mai womphikira uja apatsana moni basi. Adalasanso pa ntchito, pakuti mtengo wa tikiti ya wophunzira mmodzi ukadalipira amisiri a m'mudzimo kwa miyezi yambiri, ndipo si chachilendo kuti womanga wa pamudzi agumule madzulo mzere wa njerwa umene alendo adayala masana, kuti auyalenso bwino iwo asanadzuke. Koma Illich adaphonya pamodzi: adayankhira eni mudzi osaŵafunsa, monga momwe ankachitira aja iye ankaŵadzudzula. Kutseka khomo si chinthu chimene Mkhristu wa kumudzi angachivomere, ndipo kumletsa kulandira alendo chifukwa choti ndi wosauka ndi kumlanda ulemu umene Mulungu adampatsa. Wamasiye wa ku Zarefati adali ndi ufa wa dzanja limodzi, komabe Eliya adatumizidwa kwa iyeyo, osati kwa wolemera.

Mpingo uno uli ndi chitsanzo chake, chimene chiposa zonse za kunja, ndipo nzodabwitsa kuti sichitchulidwa pokamba nkhani imeneyi. Mu 1876 Dr James Stewart adapempha ophunzira a ku Lovedale, kum'maŵa kwa dera la Cape, kuti ena adzipereke kukathandiza mishoni ya Livingstonia, imene idali itangoyamba kumene ku Cape Maclear chaka chapitacho. Adasankhidwa anayi: William Koyi, Shadrach Mngunana, Mapassa Ntintili ndi Isaac Wauchope. Ameneŵa adali ophunzira opita kukatumikira kudziko lachilendo, monga a masiku anoŵa, kungoti adali Axhosa. Wauchope adadwala nabwerera kwao, ndipo ndi yemwe uja adamira pa ngozi ya sitima ya Mendi mu 1917. Mngunana, amene adali mphunzitsi wodalirika, adamwalira ku Cape Maclear mu 1877. Ntintili adatumikira zaka zingapo nabwerera. Koyi ndiye adali wosaphunzira kwambiri pa onsewo, pakuti adaloŵa sukulu ali wamkulu kale, atagwirapo ntchito ya ngolo. Ndipo podzipereka iye mwini adavomera kuti luso lake nlochepa, koma kuti kutema nkhuni ndi kutunga madzi angathe.

Komatu ndi Koyi amene adatsekula khomo la kwa Angoni. Chinenero chake cha Chixhosa chidali pafupi ndi Chingoni, kotero kuti pamene Dr Robert Laws adapita kukakumana ndi Inkosi M'mbelwa mu 1879, Koyi ndiye adali pakamwa ndi makutu ake. Kuyambira mu 1882 adakhala ku Njuyu pakati pa Angoni, kudya chakudya chao, kumva milandu yao, kupirira ziwopsezo za ankhondo, osaloledwa kutsekula sukulu. Adadikira zaka zinayi. Chilolezo cha M'mbelwa chidatuluka mu 1886, Koyi ali pa mphasa ya imfa, ndipo adamwalira chaka chomwecho naikidwa ku Njuyu. Akadayesedwa ndi muyeso wa malipoti a masiku ano, wofunsa kuti zipinda zingati zamangidwa ndi ana angati aphunzitsidwa, Koyi akadalembedwa wolephera. Chimene adali nacho ndi zinthu ziŵiri zimene ulendo wa milungu iŵiri ulibe, ndizo chinenero ndi nthaŵi. Palibe angayembekeze kuti mwana wa eni ake adzafere ku Njuyu. Koma chitsanzo cha Koyi chithandiza kutchula ulendo waufupi dzina lake loona. Wa milungu iŵiri ndi mlendo wodzaphunzira, ndipo eni nyumba ndiwo aphunzitsi ake. Dzina likakonzedwa chotere, zambiri zikonzeka zokha, pakuti mphunzitsi amafunsidwa ngati ali ndi mpata, ndipo amalandira mphotho yake popanda manyazi.

Malembo sali chete pa za mlendo wotumidwa. Pa Luka 10 Ambuye potuma ophunzira aŵiriaŵiri adaŵalamula kuti asanyamule thumba la ndalama, akhale m'nyumba imodzi osasinthasintha, ndipo adye chimene apatsidwa. Wotumidwayo afika ali wosoŵa, wodalira mwini nyumba, kotero kuti wopatsa woyamba ndi mwini nyumbayo. Koma Paulo, pa 2 Atesalonika 3, akumbutsa mpingo kuti iye adagwira ntchito usiku ndi usana kuti asalemetse munthu aliyense. Mau aŵiriŵa ayenera kugwiridwa pamodzi. Mpingo woyamba udaziona zovuta zomwezi, ndipo umboni wake uli m'kabuku kakale kotchedwa Didache, kamene Philotheos Bryennios adakapeza ku Constantinople mu 1873. M'menemo mudalamulidwa kuti mlendo wodutsa athandizidwe monga mpingo ungathere, koma akhale masiku aŵiri kapena atatu okha. Akafuna kukhalitsa, agwire ntchito ya manja ake kuti adye. Akhristu amenewo sadali ouma manja. Adangodziŵa kuti kuchereza alendo kopanda malire kumagwera pamsana pa nyumba zoŵerengeka zomwezo. Ndiponso nkoyenera kukumbukira kuti mkazi wa ku Sunemu, amene adamangira Elisa kachipinda naikamo kama, tebulo, mpando ndi nyale, adali munthu wachuma, ndipo ganizo lake lidachokera kwa iye mwini. Sadalandire kalata yochokera ku likulu.

Chifukwa chake nkwabwino kuti Sinodi iike dongosolo, m'malo mosiya mbusa aliyense kuti adzionere yekha. Kalata yopempha ulendo iyambe yafika ku bwalo la akulu la mpingo umene udzalandira alendowo, ndi ku msonkhano wa amai, mbusa asanayankhe. Ndipo mpingo ukati chaka chino sikutheka, Sinodi iuteteze, isaudzudzule kuti wathaŵitsa abwenzi. Chakudya, nkhuni ndi sopo ziŵerengedwe poyera, mtengo wake uikidwe ndi Presbiterio ndi kuperekedwa alendo asanafike, kudzera mwa msungichuma wa mpingo, kuti mwini nyumba asaoneke ngati wogulitsa nsima. Nyumba zogona alendo zizisinthana, za udzu zomwe, ndipo mphatso zotsalira ziloŵe ku thumba la mpingo lothandizira ana a sukulu, kumene wamasiye uja angafikeko. Pa ntchito yomanga, kapitao akhale mmisiri wa pamudzi, wolipidwa mokwanira, alendo akhale omponda dothi ndi omtutira njerwa, monga Koyi adadziperekera. Za zithunzi, lamulo likhale lomwe mlendoyo akadafuna kuti lisungidwe pa ana a mlongo wake.

Pali ntchito imodzi imene Sinodi iyenera kuikana ndithu, ndiyo yotumiza ophunzira a milungu iŵiri kukalera ana m'nyumba za ana amasiye. Kwadziŵika kuti ana ambiri a m'nyumba zotere ali ndi kholo limodzi lamoyo kapena abale ena, kuti kuzoloŵera mlendo amene achoka pakapita masiku khumi kumavulaza mtima wa mwana, ndi kuti m'maiko ena nyumba zotere zidachuluka chifukwa cha ndalama za alendo omwewo. Mu 2018 dziko la Australia lidafika poŵerengera kusonkhanitsa ana m'nyumba zotere chifukwa cha phindu ngati mtundu wa ukapolo wa makono. Mlendo aliyense wodzagwira ntchito pakati pa ana abwere ndi umboni wochokera ku mpingo wake ndi ku boma la kwao, pakuti mbusa wa kuno alibe njira ina yodziŵira mbiri ya munthu amene amgoneka m'nyumba muli ana.

M'chaka cha 2020, mliri wa COVID-19 utatseka maulendo a ndege, magulu onse adaleka kubwera, ndipo ngakhale Peace Corps idabweza anthu ake onse kwao mu Malichi chaka chimenecho. Nthumwi iliyonse ingathe kuŵerenga yokha kuti mumpingo mwake ndi ntchito ziti zimene zidaima pamenepo ndi ziti zimene zidapitirira. Zimene zidapitirira ndizo zidali za eni ake kuyambira pachiyambi.

Chatsala ndi kubwezera ulendo. Pa ubale wa Blantyre ndi Pittsburgh nthumwi zidayenda mbali zonse ziŵiri, ndipo chimenecho nchoyamikika. Koma kaŵirikaŵiri amene akwera ndege kuchokera kuno ndi abusa ndi akuluakulu a m'maofesi, pamene amene abwera kuno ndi ana a zaka 19. Mtsikana uja wa kumjigo ndi wamsinkhu umodzi ndi mlendo amene adamtenthetsera madzi, koma iye sadzaona khitchini ya amai a mnzakeyo, chifukwa cha mtengo wa tikiti ndi kuvuta kwa chiphaso choloŵera m'maiko amenewo. Sinodi ili ndi mphamvu yopempha kuti gulu lililonse lobwera kuno lisonkhe za ulendo wa wachinyamata mmodzi wa mumpingo umene udalilandira. Ilinso ndi njira yapafupi imene sifuna ndege: Sinodi zisanu za CCAP zili m'maiko atatu, ndipo mnyamata wobadwira ku Highfield kapena ku Mbare, amene agogo ake adachokera ku Dedza kapena ku Ntcheu, angathe kukwera basi kudzera ku Nyamapanda ndi ku Tete, nakagona mwezi umodzi m'mudzi umene adangoumva m'nthano, pamene mnzake wa ku Nkhoma kapena wa ku Lundazi akaona m'mene Akhristu a pamigodi ndi pamafamu a ku Zimbabwe akhalira. Ameneŵa chinenero ali nacho kale, kapena sichili kutali nao.

Nkhani zimenezi ziperekedwe ku komiti yoona za maubale ndi mipingo ya kunja pamodzi ndi ya achinyamata, kuti zidzabwere ndi malamulo olembedwa pa msonkhano wotsatira wa Sinodi. M'komitimo mukhale amai osachepera aŵiri a kumudzi amene adaphikirapo alendo otere, ndipo ndalama zao zoyendera zilipidwe ndi Sinodi.